Tsamba la Adani

"Wosaina si iwe, ndi amayi. Iwe ungonena kuti wavomera, basi," anatero Glenn akukankhira pepala pakati pa mbale.

Tebulo la kukhitchini linali litadzaza moti pepalalo linasowa pogona. Kuno ku Stevens Point, ku America, munthu akamwalira anansi salira kwambiri, amaphika. Panali masoseji, kabichi wowawasa, mbatata zophikira tchizi, ndi keke ya mayi Gorski imene aliyense ankadziwa kuti njouma gwa koma palibe ankayerekeza kuikana. Maliro a bambo Norbert Budnik anali ataikidwa dzulo lake, Lachisanu. Uku kunali Loweruka m'mawa, maluwa kumanda asanafote n'komwe, ndipo ana awo awiri anali atayambana kale.

Denise, mwana woyamba, anatola pepala lija ndi zala ziwiri. Inali fomu yochokera ku timu ya futubo ya ku Green Bay, yonena za mipando iwiri ya m'bwalo la masewero. Mwini mipando akamwalira, mipandoyo imapita kwa wachibale mmodzi. Mzere wolembapo dzina unali umodzi wokha.

"Waitenga liti imeneyi?" anafunsa Denise.

"Ndinaitulutsa pa kompyuta Lachinayi."

"Lachinayi. Adadi ali m'bokosi, iwe uli pa kompyuta."

"Aaa, usayambe, Denise."

"Sindinayambe ine. Ndikungofunsa masiku."

Wina wakutali akhoza kuseka kuti anthu akuluakulu, mphunzitsi wa masamu wa zaka 49 ndi mlongo wake wokonza magetsi, akukanganirana pokhala pa benchi yachitsulo yozizira. Aseke, alibe mlandu. Kuno mwana akabadwa timakamulembetsa pamndandanda wodikira matikiti asanabatizidwe n'komwe, ndipo ambiri amakula, kumera imvi, mpaka kufa dzina lawo lisanafike. Mipando ya a Budnik anaigula agogo, bwalolo likadali latsopano. Banjali linalibe munda, nyumba yawo inali yamatabwa yolira penti, koma Lamulungu lililonse timu ikamasewera pakhomo, anthu awiri a m'nyumbamo ankakhala ndi malo awoawo pakati pa chikhamu.

Denise anali asanakhalepo pamipandoyo ngakhale kamodzi.

"Iwe umakhala ku Tucson," anatero Glenn. "Ukachita nayo chiyani mipando kuchipululu? Uzikwera ndege Lamulungu lililonse?"

"Zimenezo n'zanga."

"Sudziwa dzina la wosewera ngakhale mmodzi."

"Ndine woyamba kubadwa."

"Ine ndakhala pamenepo zaka 32! Mvula, chipale, zala kuchita kuuma, ine ndili pompo!"

"Eya, ndiye wakhuta. Dzukapo, ena akhaleko."

Mayi awo, a Irene, anali pasinki akutsuka kapu imodzi yomweyo kwa nthawi yaitali. Anatseka mpopi, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Mwatha?" anafunsa. "Ndiye mumve. Cholembera changa sichikhudza pepala limenelo mpaka mubwere ndi dzina limodzi nonse awiri. Mukalephera, ndikawauza eni ake apatse wotsatira pamndandanda, ena asangalale."

"Amayi!" anakuwa Glenn.

"Amayi chiyani? Ndaika mwamuna wanga dzulo ine. Tsikirani kuchipinda chapansi mukachotse makatoni a bambo anu, galimoto ya kutchalitchi ibwera Lolemba. Mukatukwanirane komweko, mutu ukundipweteka."

Nkhaniyi, tikanena zoona, sinayambire ku futubo. Inayambira pakhonde lakuseri, ku besiboli, masewero omenya kampira ndi chibonga.

A Norbert anagwira ntchito zaka makumi anayi pafakitale yopanga mapepala, ndipo kupatula Misa, mtima wawo unali pa masewero awiri. Futubo, mpira wathu wogundana uja wa zipewa zolimba, ankapita kukaonera ndi maso. Besiboli ankangomvera pa wailesi, buku lolembamo masewero lili patebulo. M'bukumo masewero aliwonse amatenga masamba awiri oyang'anizana, lina la timu yathu ya ku Milwaukee, lina la adani. Tsamba lililonse n'lodzaza timabokosi, womenya aliyense kake pa chigawo chilichonse, ndipo wolemba amaikamo timanambala ndi timizere tosonyeza chimene chachitika. Wodziwa kuwerenga akhoza kutsegula buku la kalekale n'kuwaonanso masewero onse, mpira ndi mpira.

Glenn sankatha kukhala pansi ngakhale mphindi zisanu, koma Denise anaphunzira kulemba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Buku linkakhala pakati pawo, mapensulo awiri, bambo kulemba athu, mwana kulemba adani.

"Bwanji ine mumangondipatsa adani?" anafunsa tsiku lina.

"Chifukwa ine ndimawanamizira," anayankha a Norbert. "Mdani akamenya bwino, dzanja langa limalemba kuti wathu ndiye wagwetsa mpira. Iwe mutu wako ngwozizira."

Denise sanakhulupirire. Mumtima ankati andipatsa makombo.

Denise ali ndi zaka 17, agogo aja anamwalira, mpando wachiwiri ku Green Bay n'kusowa mwini. Denise anadikira sabata ziwiri, kenako anapempha ali pakhonde pomwepo, masewero ali mkati. A Norbert sanadzutse n'komwe maso pabuku.

"Kumene kuja n'kozizira, mwanawe, ndipo anthu amatukwana. Ndizipita ndi Glenn."

Denise anaika pensulo pansi. "Ndiye adani anuwo muzilemba nokha."

Chaka chotsatira anapita kukoleji yakutali, kenako ntchito, kenako ukwati umene sunakhalitse. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi pokha, nthawi imene kulibe besiboli ndipo khonde limakhala lokutidwa ndi chipale. Sanayambanenso ndi bambo ake. Ankapatsana moni bwinobwino, kufunsana za nyengo ndi matayala a galimoto. Ndi mmene zaka 32 zimathera, palibe amamva kulira kwake.

Kuchipinda chapansi kunali babu limodzi lofooka ndi fungo la chinyontho. Glenn anakoka katoni yoyamba, kuitsegula, n'kuseka kuseka kosakoma.

"Taona. Makatoni asanu ndi anayi, mabuku okhaokha. Munthu ankaumitsa timatumba ta tiyi kuti aphikirenso, ankalemba kuseri kwa maenvulopu, ukataya pepala ankakuuza mmene mtengo umavutikira kukula. Koma apa?" Anatenga buku limodzi n'kulipyapyaza msangamsanga ndi chala. "Tsamba lodzaza, tsamba loyera. Lodzaza, loyera. Theka la buku kungotaya."

Denise anaona kuyera kwa masambawo akudutsa, n'kutembenukira kukhoma. Ankadziwa kuti ndi masamba ati.

"Ankalemba athu okha," anatero. "Adani analibe nawo ntchito. Longedza, zipite."

"Sukufuna ngakhale limodzi?"

"Ndanena kale chimene ndikufuna."

Glenn anaponya buku lija m'katoni, fumbi n'kuti koboo. Anali munthu wamkulu thupi, wa khosi ngati la bambo ake, ndipo akakwiya makutu ankafiira.

"Iwe ukuganiza kuti ine kumene kuja ndinkadya uchi eti?"

"Unkadya masoseji, ndinkamva."

"Ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwerera. Ukudziwa zimene tinkakamba m'galimoto? 'Tsegula zenera.' 'Tseka zenera.' Basi! Kubwalo n'kwabwino chifukwa aliyense akukuwa, palibe angadziwe kuti bambo uyu ndi mwana wake alibe chokambirana. Tsiku lina ndinayesa, ndinati ndiwafunse za wosewera wina wakalekale, mwina nkhani ingayambike. Ukudziwa anati chiyani? 'Denise akanadziwa.' Denise akanadziwa! Zaka zonsezi ine ndazizidwa pabenchi ija dzina lako lili m'khutu."

Denise anatembenuka. "Nanga ukuilimbira chiyani mipandoyo?"

"Chifukwa n'chokhacho chimene anandipatsa!"

Mawuwo anagunda denga lamatabwa, ndipo pamwamba mapazi a mayi awo anaima. Glenn anapuma, n'kutsitsa mawu.

"Ndine ndinawapeza Lachiwiri, Denise. Wailesi ikulira, anthu akukuwa ku Milwaukee, iwo ali phee pampando. Lamulungu tikuchokera ku mpira anandiuza kuti akakuimbira. Anati timu yalowa m'ndime yachipulula, Denise ayenera kumva. Unayankha?"

Denise anakwera masitepe, kudutsa pakhitchini osayang'ana mayi ake, n'kukadzitsekera m'galimoto yahayala imene anaiimika pansi pa mtengo pamsewu.

Foni ija anaimva ndithu. Anali patebulo kwake ku Tucson akuchonga mayeso, dzina loti "Adadi" likuwala pafoni, iye n'kunena kuti ndiwaimbira mawa. Mawa linafika, anati mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachiwiri madzulo amene anaimba anali Glenn.

Uthenga umene anasiya unali ukadali pafonipo wosatsegula. M'ndege anaopa kuumvera, kumaliro anaopanso. Tsopano anadina.

"Denise, ndi bambo ako. Norbert Budnik, ngati waiwala." Panamveka kutsokomola, ndi kulira kwa mpando wa pakhonde uja. "Palibe chovuta, amayi ako ali bwino, akungondiletsa mchere. Tabwerako kumene ku Green Bay. Anyamata apambana, koma ukandifunsa kuti zinayenda bwanji, sindikukumbuka. Ndakalamba kapena bwanji? Futubo ndi phwando, mwanawe. Umakuwa, umadya, mawa lake pakhosi pakupweteka. Ndiye lero zandinyansa, kutatsala mphindi imodzi athu angogwada pansi ndi mpira kudikira wotchi ithe. Amuna aakulu ngati mafiriji, kugwada, kuopa kusewera! Ine ndinati aaa, ku besiboli zimenezi kulibe. Kulibe wotchi kumene kuja. Kaya watsalira bwanji, malinga womenya wako womaliza sanatuluke, sunafe. Palibe angakuuze kuti nthawi yatha."

Mpando uja unaliranso.

"Ndiyetu talowa m'chipulula, wamva? Tiyamba Lachiwiri masana. Ine mwezi wa Okutobala umandidwalitsa. Chilimwe chonse masewero tsiku ndi tsiku, ukagonja umati tionana mawa. Kufika pano mawa kulibe, mpira uliwonse umakhala pakhosi. Woponya wawo wamanzere uja amandiopsa, ali ndi kampira kena kokhota, sindikudziwa n'kukalemba bwanji. Iwe ukana..." Anadukiza. "Chabwino. Matayala ako uwaonetse, kumene kuja n'kotentha. Basi. Ndi bambo ako."

Denise anaumvera katatu. Masamba achikasu ankagwera pagalasi la galimoto, iye osawaona. Analira, koma mkwiyo sunachoke, unangosakanikirana ndi chisoni. Munthu wotha kulankhula mphindi zitatu za wotchi ndi kampira kokhota analephera bwanji kunena liwu limodzi lokha, lakuti ndinalakwa? Anapukuta misozi n'kudziuza kuti mipandoyo aitenga basi. Akakhalapo ngakhale kamodzi, aone chimene anamumana.

Lamulungu, Misa yoyamba itatha, Glenn anafika atavala jekete yobiriwira ya timu. Timu inkasewera pakhomo 12 koloko. Sanakhale pansi. Anachotsa matikiti awiri m'thumba n'kuwaika patebulo pafupi ndi keke ya mayi Gorski, imene inali ikadali yathunthu.

"Amayi, lembani Denise," anatero. "Ndatopa. Sindingalimbirane benchi ndi mlongo wanga, adadi asanazizire n'komwe."

Anatuluka, chitseko n'kuti pha.

A Irene anavala magalasi, kusaina pansi pa fomu ija, n'kuikankhira kwa Denise. Mzere wa dzina anausiya.

"Dzinalo ulembe wekha ndi dzanja lako."

Denise anayang'ana matikiti aja. Anali atawadikira kuyambira ali mtsikana, koma tsopano ali m'manja mwake ankangooneka timapepala tiwiri tolimba, ndipo mumtima munalibe chilichonse chofanana ndi chimwemwe.

"Ngati ukupita nyamuka, msewu umadzaza," anatero mayi ake. "Utenge khushoni ya bambo ako pakhonde. Benchi ija imaziziritsa matako."

Pakhonde palibe anali atakhudza kanthu chichokere Lachiwiri. Mpando unali pomwepo, wailesi yomanga ndi tepi pomwepo, kapu ya khofi itauma m'kati. Khushoni inali pampando, ndipo pamwamba pake wina anali ataikapo buku lomaliza. Denise atakoka khushoni, bukulo linagwa n'kutseguka.

Anawerama kuti alitole. Tsamba la athu linali lodzaza ndi zilembo za bambo ake, zazing'ono, zowongoka ngati za makina. Anawerenga osafuna: chigawo choyamba palibe kanthu, chachitatu tinagoletsa ziwiri, chachisanu womenya wachinayi anakanika katatu. Pa chigawo chachisanu ndi chimodzi panali kamzere koyamba bwino, kenako n'kutsetsereka kutuluka m'kabokosi mpaka kumapeto kwa tsamba.

Anayang'ana tsamba linalo, la adani. Linali loyera, timabokosi tonse topanda kanthu. Koma pamwamba penipeni, pa kamzere kolembedwa kuti "Wolemba", panali dzina lolembedwa ndi pensulo: Denise.

Anatsegula chakumbuyo. Masewero a Loweruka lapitalo: tsamba loyera, Denise. A Lachisanu: Denise. Ogasiti, Julayi, Epulo, dzina lomwelo.

Anatsika masitepe a kuchipinda chapansi akuthamanga ngati mwana, n'kugwada pa makatoni aja. Anatsegula buku la zaka khumi zapitazo, la zaka makumi awiri, la chaka chimene ukwati wake unatha. Kuwala kwa babu kunali kochepa, moti ankachita kuyandikitsa tsamba kumaso. Monsemo munali dzina lake. M'katoni yapansi anapeza buku la chaka chija, ndi masewero aja. Zilembo zake zaubwana, zozungulira, zinalekeza pa chigawo chachinayi, ndipo palibe anapitiriza.

"Ankayamba ndi dzina lakolo asanalembe la wosewera aliyense."

Anali a Irene, ataima pakati pa masitepe atagwira chitsulo.

"Amayi, munkadziwa?"

"Ndapukuta tebulo lija zaka zonsezi, ndingalephere kudziwa?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuza kangati kuti tabwera mu Juni, kunja kukutentha? Unkati kuli maphunziro apadera, kuli chakuti, kuli chakuti. Ine ndikanatani, kukutumizira makatoni pa positi?"

"Iwowo akanangonena!" anatero Denise. "Akanangonena, Amayi."

"Bambo ako kunena? Munthu amene pondifunsira anandifunsa ngati ndimakonda nyumba yoyang'ana kum'mawa?" A Irene anakhala pansi pa sitepe, mawondo akulira. "Bambo ako sankadziwa chochita naye Glenn. Mwana wosakhala pansi, wosafunsa funso. Anati mwina kubwalo tikazolowerana. Iwe ankati ali nawe kale, pakhonde paja. Sanaganize kuti angakutaye chifukwa cha benchi. Sabata yomweyo anadziwa kuti walakwa, ndinamuuzanso ine, mosanyengerera. Ankangoti ndikonza, Irene, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chatha, ndikonza. Chinanso, ndikonza. Iwenso uko ukuti ndiimba mawa. Nonse awiri munkayesa kuti kulibe wotchi."

Denise anakumbatira buku lija pachifuwa. Chimene chinkamupweteka kwambiri si chakuti bambo ake analakwa, zimenezo ankazidziwa kale. Chinali chakuti malo amene ankawalirira zaka zonsezi anali ola ndi theka kutali, pomwe malo ake enieni anali pakhonde, atasungidwa, dzina litalembedwapo kale, ndipo amene sankabwera anali iye. Masewero oposa zana chaka chilichonse, bambo wokalamba kulemba dzina la mwana wake n'kumvera adani akumenya, dzanja lili lende.

"Ndinaiona foni ija, Amayi," anatero. "Ndinaiona ikulira."

"Ndikudziwa, mwanangu."

Sanamuuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Anangotambasula dzanja n'kumugwira mutu, monga ankachitira akadwala malungo a chimfine ali mwana.

Patapita nthawi a Irene anati, "Mlongo wako sanapite. Ali m'galimoto panjapo, sanalize n'komwe injini."

Denise anakwera, kutenga cholembera patebulo, n'kulemba dzina pamzere uja. Anatuluka ndi fomu, matikiti ndi khushoni. Glenn anali atagwira chiwongolero ndi manja onse, akuyang'ana chitseko cha galaja. Denise anagogoda pagalasi.

"Tsegula zenera," anatero.

Glenn anamuyang'ana ndi diso loipa, koma anatsitsa galasi. Denise anamuponyera zonse pamiyendo. Glenn anawerenga fomu ija, makutu n'kuyamba kufiira.

"Ndiye chiyani chimenechi? Sindikufuna chisoni chako ine."

"Si chisoni. Ndi yako, unaizizidwira. Ine ndapeza changa."

"Chiyani?"

"Makatoni aja asapite kutchalitchi. Ndikamva kuti buku limodzi lasowa, tionana."

"Mabuku oyera aja?"

"Omwewo. Ndidzakuonetsa ukabwera, maso akowo amangoona mawaya." Anatsamira pachitseko cha galimoto. "Ndipo pali lamulo limodzi. Mpando wachiwiriwo uzisinthanitsa ana ako onse awiri. Ukadzangomuuza mwana wako wamkazi Paige kuti kumene kuja n'kozizira kwa atsikana, ndikwera ndege kudzakupotokola khosi."

Glenn anaseka, kenako anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. Anasisita khushoni ija ndi chala.

"Tiye iweyo lero," anatero. "Kamodzi kokha. Ndikugulira soseji."

Denise anaima kaye. Mawu amenewo anawadikira zaka 32, kungoti anachokera pakamwa pena.

"Tsiku lina, achimwene. Lero ndili ndi masewero 3 koloko."

"Nanga ndege yako?"

"Ipite, ikudziwa njira."

Timu ya besiboli inali itapambana ndime ija a Norbert osamva, ndipo tsiku limenelo inkasewera pakhomo m'ndime yotsatira. Nthawi itayandikira Denise anakhala pakhonde, pampando wachiwiri umene anachita kukautenga kukhitchini. Dzuwa linali lofunda pang'ono, ndipo kwa anansi wina ankasesa masamba. Anayatsa wailesi, inayamba ndi kukhosomola, kenako mawu a muulutsi anamveka bwino.

A Irene anabwera ndi khofi ndi kachitini kakale ka masiwiti. M'katimo munali mapensulo awiri. Ina inali kachidutswa kolumidwalumidwa ndi mano. Inayo inali yosalala, yopanda chipsera, labala wake wosagwirapo ntchito, koma nayonso inali yaifupi.

"Imeneyo sinalembepo chichokere iwe," anatero mayi ake. "Yafupika ndi kusongola. Ankaisongola kumayambiriro kwa nyengo iliyonse."

Analowa m'nyumba n'kumusiya yekha.

Denise anatsegula masamba awiri atsopano. Pa tsamba la adani analemba dzina lake, kenako mayina a omenya asanu ndi anayi monga muulutsi ankawatchulira. Ankaopa kuti waiwala, koma dzanja linkakumbuka lokha. Woyamba anamenya mpira wokwera, wathu wapakati n'kuuwakha. Wachiwiri anamenya n'kuthamanga mpaka pa kona yoyamba, ndipo Denise analemba chilungamo chake, kuti anamenya bwino. Wachitatu anamenyera pansi, athu n'kutulutsa awiri nthawi imodzi. Anajambula kamzere kotseka chigawo.

"Tsopano ndi nthawi ya athu," anatero muulutsi, chikhamu chikuwomba m'manja kumbuyo kwake.

Denise anayang'ana tsamba linalo. Pa kamzere kakuti "Wolemba" analembapo kuti Adadi. Anatenga kachidutswa kolumidwa kaja, kukagoneka pakati pa tsambalo, n'kupinda manja pamiyendo.

Womenya wathu woyamba anaumenya mpira kuti khoo, bwalo lonse la ku Milwaukee n'kuphulika ndi phokoso. Denise anamvetsera mpaka phokosolo litatsika. Kabokosi koyamba kanakhala koyera.